Mabuku a Tenanti Analibe Mathero

Ndine munthu wa mtima wapachala. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zimene aliyense wa kuno kwathu, kuseri kwa Santhe, angayambe nazo mutamufunsa za ine. Mkazi wanga anapirira zaka khumi ndi chimodzi, kenako tsiku lina anamanga zovala zake m'chitenje, natenga ana athu awiri, n'kubwerera kwawo ku Kaluluma. Sindinamumenyepo ngakhale kamodzi. Chinamuthamangitsa ndi pakamwa pangapa. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya njerwa zootcha, ndi munda wa fodya umene bambo anandisiyira, ndi setifiketi ya Folomu 4 imene sinandipezerepo ntchito ngakhale yaulonda.

Chimene sukulu inandisiyira chenicheni ndi nthenda yowerenga mabuku a nkhani zoopsa: za mizukwa, za nyumba zimene eni ake amazithawa, za akufa osafuna kugona. Ndinali nawo asanu ndi limodzi, onse a Chingerezi, ogula pamsika wa Santhe kwa munthu wina amene ankayala mabuku akale pachiguduli, pakati pa a kaunjika ndi a usipa. Ndinawabwereza mpaka mapepala anafewa ngati nsanza. Koma buku loopsa lili ngati maloto oipa, ukatha nalo umafuna wina woti umuuze. Ndinayesa kamodzi kufotokozera mlamu wanga tikuthirira nazale kudambo. Anandimvetsera pang'ono, kenako anati, "Alamu, ufiti wa kuno sukukukwanirani, mpaka kumakagula wa azungu?" Ndinamukhuthulira madzi a m'ndowa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawerenga ndekha n'kutseka pakamwa.

Munthu amene ndikufuna kulemba za iye ndinakumana naye pamzere wa feteleza, m'zaka zija za makuponi. Amene anaimapo pamzere umenewo akudziwa. Unkalawirira ndi kuponi yako m'thumba la malaya, utaimanga ndi pini, n'kukapeza kuti lole sinafike, ndipo palibe akudziwa tsiku limene ifike. Dzuwa la Novembala sungaliimire masiku atatu, ndiye tinkafola miyala. Aliyense mwala wake pamzere, wina chidutswa cha njerwa, wina patapata wakutha, eni ake tili pamthunzi, maso ali pamiyala.

Tsiku lachiwiri masana ndinaona kuti patsogolo pa mwala wanga palowa phale la mphika limene m'mawa panalibe. Ndinayaka.

"Phale ili ndi la galu uti?"

Anthu anangoseka, pakuti ankandidziwa. Pansi pa mtengo wa mango munthu wina anakweza dzanja, mutu osakweza. Anali akuwerenga.

"Ndi langa, achimwene. Linalipo kuyambira dzulo. Mbuzi inaligubuduza, ndangolibwezera pamalo pake."

Lilime linali la kummwera. Wamfupi, woonda, imvi zitayamba m'mbali, malaya a zigamba koma ochapa. Ndinadziwiratu kuti ndi tenanti wa pa esiteti ina. Matenanti analibe makuponi, popeza sanali a mudzi uliwonse kuno. Ankangotumidwa kudzasungira malo mabwana awo. Ndinanyamuka kuti ndikamuuze zimenezo pamaso. Nditafika pamene anakhala, maso anga anagwera pabuku. Linalibe chikuto. Ndinawerenga mizere itatu ndili chiimire pamwamba pake, ndipo ndinaiwala phale, ndinaiwala mwala, ndinaiwala feteleza.

"Kodi n'chiyani chimenechi?"

"Za mizukwa, achimwene. Si za anthu opemphera."

"Mwafika pati?"

Apa ndi pamene anakweza mutu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wamva chiyankhulo cha kwawo m'basi.

"Pamene mayi uja wawerenga mipando ya m'nyumba mwake, n'kupeza kuti yawonjezekera umodzi."

"Wolemba ndani?"

"Aaa, chikuto mayi a kunyumba anasonkhezera moto. Akuti chithunzi chake chinkawayang'ana."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Lole inabwera tsiku lachitatu, ndipo kunena zoona ndinaipidwa nayo.

Tenanti ameneyu kwawo kunali ku Phalombe. Sukulu analekeza Sitandade 8, kenako anakagwira ntchito m'khitchini mwa mzungu wina pa esiteti ya tiyi ku Mulanje. Mzunguyo pobwerera kwawo anasiya katoni ya mabuku kuti itenthedwe, iye n'kuibisa. Chingerezi chake anachiphunzira m'menemo, n'chifukwa chake ankadziwa mawu a bokosi la maliro mitundu inayi koma osadziwa mmene amapemphera ntchito. Mabukuwo ankayenda nawo m'thumba la feteleza, esiteti ndi esiteti, onse opanda zikuto.

Popeza mayina analibe, olembawo tinkawadziwa ndi dzanja, monga mmene umadziwira mizere ya mnzako m'munda ngakhale mwini wake palibe. Panali wina amene tinkamutcha Wabutchala. Ameneyo sachedwa. Peji lachisanu munthu wafa kale, magazi ali m'makoma, chilombo ukuchiona mano ake onse. Panali wina, Mphunzitsi, amene ankati akakuopseza pang'ono n'kuima kuti akufotokozere mbiri ya tchalitchi chakale kwa mapeji makumi awiri. Ameneyo tonse tinkamunyoza, komabe tinkamuwerenga. Ndiye panali Wachete. M'mabuku a Wachete simuoneka kanthu. Chitseko chimene unatseka uchipeza chotsegula pang'ono. Galu akana kulowa chipinda china. Basi.

Ine ndinali wa Wabutchala, iye wa Wachete, ndipo tinakangana pansi pa mango paja mpaka amayi ena anasuntha mphasa yawo.

"Wachete wanuyo ndi wamantha," ndinatero. "Ngati kuli chilombo atulutse tichione."

"Achimwene, njoka imene mwaiona ndi ya ndodo. Yoopsa ndi imene yalowa m'nyumba inu n'kungoona mchira."

"Zamkutu."

M'mawa mwake anandibweretsera buku lina. "Tengani ili, mukandiuze Lamulungu."

Ndinalimaliza Lachinayi, nditakhala pakhonde, nazale ndisanathirire. Kunena kuti ndinalimaliza ndi bodza. Nkhani itafika pamene mtima wayamba kugunda m'makutu, ndinatembenuza pepala n'kupeza mawondo anga. Mapepala omaliza panalibe. Ndinalikutumula, ndinayang'ana pansi pa mpando, ndinatukwana nkhuku. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera njinga, ulendo wa ola lathunthu kudutsa minda yongopanga mizere, mpaka pa esiteti paja.

Ndinene mosabisa. Ndinabadwira pakati pa maesiteti, koma mpaka tsiku limenelo ndinali ndisanapondepo pamene matenanti amakhala. Ife a m'midzi tinkawaona ngati mbalame za nyengo. Amabwera palole mvula isanagwe, amachoka palole fodya akagulitsidwa. Sumawaitana ku ukwati. Akakhala ndi maliro umangomva kuti kwafa munthu ku esiteti. Nyumba zawo zinali tizisakasa ta udzu ndi dothi, tondandana kuseri kwa zigafa, mashedi aatali aja oumitsiramo fodya.

Ndinamupeza akusema mpini.

"Buku lanji lopanda mathero limeneli?"

"Chiswe, achimwene. Chiswe cha ku Mchinji, chophunzira kwambiri. Chimayambira kumapeto." Anaseka yekha. "Khalani pansi. Ine ndinaliwerenga lisanadyedwe. Ndikuuzani mmene zinathera."

Tinakakhala m'chigafa, mmene munali mopanda fodya nthawi imeneyo, mitengo yokhayokha ndi mthunzi. Anafotokoza mathero aja mosathamanga, maso ali pampini. Pamene amamaliza tsitsi la m'manja mwanga linali litaima, masanasana, nkhunda zikulira padenga. Mkazi wake anatibweretsera chinangwa chophika. Pochoka anandipatsa buku lina. Nalonso linalibe mathero.

Mudzati munthu wa Folomu 4 sanadabwe bwanji. Sindinadabwe. Mabuku a pamsika nawonso ambiri amakhala oduka, ogulitsa mtedza amang'ambako. Komanso mwina sindinkafuna kudabwa. Lamulungu linali litapeza ntchito. Kale ndinkati ndikachoka kutchalitchi ndinkangokhala pakhonde kumvera wailesi mpaka mabatire kufooka, kudikira kuti kude.

Buku lachitatu ndi limene linandigwira pakhosi. Linali la Wachete. Bambo wina mkazi wake wamwalira, watsala yekha m'nyumba kunja kwa tauni. M'mawa uliwonse akatuluka akupeza diresi la malemuyo lili pachingwe choyanikira zovala, lonyowa, likudontha. Alitentha, mawa lilipo. Alikwirira, mawa lilipo. Adula chingwe, mawa chamangidwanso. Buku lonse ndi zimenezo basi. Koma ine, amene ndinkafuna magazi, ndinapezeka ndikudutsa kuseri kwa nyumba yanga nkhope itayang'ana kumbali, kuopa chingwe changa chomwe, chimene chinali chitatha zaka ziwiri osayanikidwapo chitenje.

Lamulungu limenelo fodya anali atafika m'mawondo. Ndinafika thukuta lili kamukamu, njinga ndinangoigwetsa.

"Tiuzeni. Ankayanika ndani?"

"Moni kaye, achimwene. Ngakhale mzukwa umagogoda."

"Muli bwanji. Ankayanika ndani?"

Anapukuta manja pabuluku. "Tsiku lina bambo uja anatopa. Anavula shati yake, naichapa, naiyanika pambali pa diresi lija. M'mawa kutuluka, chingwe chilibe kanthu. Kulowa m'nyumba, shati ili pampando, yosita, yopinda bwinobwino. Batani limene linathothoka kalekale atalisokerera."

"Kenako?"

"Anaivala."

"Basi?"

"Basi."

"Nanga choopsa chili pati pamenepa?"

"Choopsa n'chakuti anakondwa, achimwene. Tsiku lomwelo anachapanso buluku."

Ndinapalasa njinga kubwerera kwathu ngati munthu woledzera, ndipo sabata yotsatira ndinavomera pamaso pake kuti Wachete ndi mfumu ya onse, Wabutchala ndi mwana. Anawomba m'manja, naitana mkazi wake kuti adzakhale mboni. Mayiyo anati, "Inu awiri mudzapenga tsiku limodzi, ndipo ine sindidzakuperekezani ku Zomba."

Tinapitirira choncho dzinja lonse. Mvula ikagwa ndinkafika matope ali m'makutu. Nthawi yothyola fodya itakwana analibenso Lamulungu lopuma, ndiye ndinkakhala naye pansi n'kumathandiza kusoka, singano yaitali ija ikuboola timapesi ta masamba a fodya, kumanga awiriawiri, kupachika pamikangala, timitengo topingasa ta m'chigafa. Ine mwini munda, kusokera fodya bwana wa eni, waulere, wanga akundidikira kwathu. Mlamu wanga atamva anati ndadyetsedwa. Buku limene ndinamupeza nalo pamzere, la mipando lija, ankandimana. Ankati limenelo ndi la pomaliza, ndiyambe ndakula. Anandipatsa kumayambiriro kwa Epulo.

M'bukumo mayi wina wokhala yekha ali ndi mipando inayi patebulo. Tsiku lina iwerengeka isanu. Autaya wachisanuwo, mawa ilipo isanu ndi umodzi. Ndipo mpando uliwonse watsopano ukumakhala wofunda, ngati wina wangonyamukapo. Ndinafika pamene mipando yadzaza mpaka m'khonde, ndipo mayiyo wayamba kuphika chakudya chochuluka osadziwa chifukwa chake. Pamenepo mapepala anatha.

Ndinafika pa esiteti dzuwa lili paliwombo, mitambo itaunjikana chakummawa. Mkazi wake anati bambo apita kukalandira phoso, chimanga chija amapatsidwa matenanti pamwezi, abwera posachedwa. Mvula inayamba kuwaza, ndipo ndinathawira m'chigafa. Chinali chodzaza mpaka kudenga, fodya wofiirira akulendewera mizeremizere, fungo lake lotsekemera lija likukanda kukhosi. Kunabwera mphepo yamphamvu, fodya yense anagwedezeka n'kupatukana. Pamwamba penipeni pangodya, pamkangala womaliza, ndinaona zinthu zoyera.

Ndinayesa fodya wa nkhungu. Mlimi sangaone nkhungu n'kukhala pansi, ngakhale chigafa chili cha eni. Ndinakwera pamtanda kuti ndichotse asanapatsire mnzake. Sanali fodya. Anali mapepala a mabuku, timitolo khumi ndi kamodzi, kalikonse koboola pakona ndi singano ya fodya, komanga ndi chingwe chomwecho, kopachika awiriawiri mwaudongo monga amapachikira fodya wa giredi yabwino. Pamalo ouma, pamene chiswe sichingafike.

Ndinatsika nawo mkangala wonse. Kamtolo koyamba ndinangowerenga mzere umodzi n'kuona dzina la bambo wa diresi uja.

Tenanti uja atatulukira anali atasenza thumba pamutu, madzi akutsika m'masaya. Anaona chimene chinali m'manja mwanga. Anatula thumba pang'onopang'ono.

"Chiswe chanu ndi chimenechi?" ndinakuwa. "Chiswe chodziwa kusoka?"

"Mwazipeza."

"Miyezi isanu ndikupalasa njinga m'matope ngati wamisala, mathero ali pamwamba pa mutu wanga! Mumandiyesa mwana?"

"Khalani pansi, achimwene."

"Ine si mchimwene wako!"

Ulemu ndinausiyira pomwepo. Zimene ndinanena ndikuzikumbukira zonse, ndipo ndizilemba chifukwa ndinazinena. Ndinamuti wobwera. Ndinamuti munthu wopanda munda, wopanda manda, wodya chimanga choyezeredwa ndi ndowa ngati nkhumba. Ndinati ngakhale boma pogawa makuponi silimudziwa kuti ndi munthu, ndipo ine ndinachita kudzitsitsa kukhala pamphasa pake. Mkazi wake anali pakhomo, mwana ali kumsana. Matenanti ena anatuluka m'tizisakasa tawo n'kuima mumvula, kuonerera.

Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako analankhula motsitsa, moti ndi ine ndekha amene ndinamva.

"Ndikanakupatsani lathunthu, mukanalibweza bwanji?"

"Ndikanalibweza!"

"Mukanalisiya pagolosale ya pa Santhe kuti andipatsire. Kapena ndikunama?" Anapukuta madzi kumaso. "Esiteti ino ndi yachinayi, thumba lija ndikuyenda nalo. Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo kuti ndafika pati. Munandifunsa ndi inu."

Sankanama. Ndikanalisiya pagolosale. Ndinadziwa pomwepo kuti sakunama, ndipo chimenecho ndi chimene chinandikwiyitsa koposa. Ndinakoleka mapepala aja pahandulo ya njinga, kuwaphimba ndi jekete, n'kuchoka osatsanzika.

Kufika kunyumba ndinawayala patebulo ngati munthu amene wabweza ng'ombe zake kwa akuba. Ndinayamba ndi a diresi. Ndinawerenga kamodzi, ndinabwerezanso, kuganiza kuti mwina ndasokoneza mitolo. M'buku lenileni munalibe shati, munalibe batani. Amene ankayanika diresi anali mlamu wake wa bambo uja, wofuna kumupengetsa kuti alande nyumba. Anagula madiresi ofanana khumi ndi awiri. Apolisi anamugwira ali ndi ndowa m'manja, ndipo bambo uja anakwatira nesi.

Ndinatsegula kamtolo kachiwiri. Kunabwera wansembe ndi madzi odalitsa, nyumba inapsa, onse anapulumuka. Kachitatu, zonse zinali maloto. Kachinayi, dokotala anafotokoza kwa mapeji asanu ndi limodzi. Wachete wanga, mfumu ya onse, amene ndinamugwadira pamaso pa mboni, kumapeto ankachita mantha n'kuyatsa nyali zonse. Palibe ndi limodzi lomwe limene linatha monga ndinauzidwira m'chigafa muja. Mathero onse amene anandiimitsa tsitsi, amene ndinkawalingalira ndikupalira, anachokera m'mutu mwa munthu wa Sitandade 8 amene ndinali nditangomutcha nkhumba.

Kamtolo ka khumi ndi kamodzi kanali ka mipando. Ndinakagwira, ndinaona nambala ya peji, ndinakabwezera pansi.

Munthu wanzeru akanakwera njinga m'mawa mwake. Ine ndinati ndidikire mtima ukhale pansi. Kenako ndinati ndimalize kaye kusankha fodya wanga, amene anali atatsalira chifukwa cha maulendo aja. Kenako kudinda mabelo. Kenako kudikira lole ya ku okushoni. Munthu wouma mutu sasowa ntchito. Lamulungu ndinabwerera pakhonde ndi wailesi. Ndinayesa kubwereza Wabutchala, koma magazi ake anali ngati a nkhuku ya Khirisimasi. Ndinkati ndikapeza chiganizo chabwino m'buku ndinkatembenuka kuti ndinene, kumbali kwanga kuli khasu.

Tenanti uja ndinamuona kamodzi, mu Juni, tsiku la msika pa Santhe. Anali akugula mchere. Ndinaima kuti ayambe ndi iye, poti ine ndinali ndisanapepesepo munthu chibadwire ndipo sindinkadziwa poyambira. Anandiona. Anavula chipewa, nagwira ndi manja awiri pachifuwa, nawerama pang'ono.

"Muli bwanji, bwana?"

Bwana. Akanandimenya khofi bwenzi zili bwino. M'malo mwa mawu amene ndinayenda nawo miyezi iwiri, pakamwa panga panatuluka akuti, "Ndili bwino." Ndinakankha njinga n'kupitirira. Ndinakaima kwa ogulitsa matayala, kuyang'ana tayala limene sindinkalifuna, mpaka ndinatsimikiza kuti wapita.

Ku esiteti ndinapita mu Seputembala. Chimene chinandinyamula sindichidziwa bwino. Mwina ndi mphepo ija ya fumbi imene imawomba m'minda mukakhala mopanda kanthu, mapesi a fodya okhaokha ali njo ngati mitanda. Ndinagula shuga ndi buledi, ndinatenga buku la mipando ndi kamtolo kake kosawerenga, kuti ndikamuuze kuti onani, sindinatsegule, ndiuzeni inuyo. Mawu amenewo ndinawayeserera njira yonse.

Kachisakasa kake kanali kopanda denga. Udzu anali atasasula kale anzake. Mafuwa atatu anali pamalo pake, phulusa litauluka. Chigafa chinali mbee, mikangala yokhayokha. Mayi wina wa nyumba yoyandikana, amene analipo tsiku la mvula lija, anatuluka akupukuta manja.

"Mwabwera mochedwa, bambo. Lole inawatenga Lachiwiri lapitalo."

"Apita kuti?"

"Kaya. Ena akuti ku Mzimba, ena akuti abwerera kwawo. Tenanti amanena kumene akupita ngati?"

"Kwawo mudzi wanji?"

Anandiyang'ana modabwa. "Mukufunsa ine? Si inu munkakhala nawo Lamulungu lililonse?"

Miyezi isanu. Ndinkadziwa wolemba amene amamukonda, amene amamunyoza, buku limene linamulepheretsa kudya. Mudzi wake sindinafunsepo.

Mayiyo analowa m'nyumba natuluka akukoka thumba la feteleza lomanga kukamwa ndi chingwe cha fodya.

"Anati mukadzabwera tikupatseni. Akuti muyang'ane kumapeto, onsewa ndi athunthu. Akuti simuvutikanso ndi njinga."

Munali mabuku makumi awiri ndi atatu. Ndinawayang'ana limodzilimodzi nditagwada pafumbi pomwepo. Onse anali athunthu ndithu. Shuga ndi buledi ndinasiyira mayiyo. Anandithokoza, koma sanandipatse mpando.

Mabuku amenewo ndili nawo mpaka lero, ndipo ambiri ndinawawerenga. A Wachete alimo asanu ndi awiri. Ndikafika pamene patsala mapepala khumi ndimatseka, n'kupita kukakhala m'chigafa changa kuyesa kupeka ndekha mmene zithere. Sizituluka. Zanga zonse zimathera pakuti wina wakwiya n'kuphwanya chitseko. Palibe amene anandifunsapo kuti wolemba nkhani zoopsa amene ndimamukonda ndani, pakuti kuno funso limenelo kulibe. Atandifunsa ndingavutike. Amene ankayamba nkhanizo dzina lake linapsa pamoto wophikira, amene ankazimaliza anakwera lole.

Kamtolo ka mipando ndinakapachika pamkangala wa pamwamba, pangodya, kumene chiswe sichifika. Chaka chilichonse ndikamapachika fodya ndimakasuntha pang'ono. Ndikudziwa kuti mwina muli wansembe, mwina dokotala, mwina mlamu wa ndowa. Mayi uja kwa ine akadali m'khitchini, akuphika chakudya cha anthu amene sakuwaona, ndipo munthu mmodzi yekha ndi amene akudziwa amene adzakhale pamipando ija.

Zaka zotsatira makuponi ankabwerabe, chaka china ochepa, chaka china mochedwa, chaka china kuponi imodzi kugawana mabanja awiri. Ndinkapita kumzere ngakhale chaka chimene dzina langa silinatuluke. Ndinkaika mwala wanga, n'kukakhala pansi pa mango paja, buku lopanda chikuto nditalitsegula moonekera, maso akuyendayenda pankhope za matenanti atsopano. Anthu ankati ukali wanga watha, ndakalamba. Mbuzi zinkagubuduza mwala wanga ine osadzuka.

Kamodzi kokha munthu anabwera kudzaima pamwamba panga n'kumayang'ana bukulo. Anali wa kummwera, ndinamva moni wake. Ndinasendera kuti akhale.

"Pepani, achimwene," anatero. "Simungandigawireko kapepala kamodzi? Ndipichire fodya."

Ndinamutukwana mpaka amayi anatseka ana makutu. Atatembenuka kuti azipita ndinamuitana. Ndinatsegula kumapeto, ndinang'amba mapepala khumi omaliza, n'kumupatsa onse.